Mono inatha koma mphamvu sizikubwerera, kodi zimenezi zimatha?

Kambalame:
Moni nonse a pagulu pano. Ndithandizeni maganizo, makamaka amene munadwalapo mononucleosis, ija ambiri amangoti mono. Ine inandigwira kumayambiriro kwa chaka. Kukhosi kunali zilonda moti ngakhale malovu ndinkameza nditatsinzina, anabere anatupa mbali zonse ziwiri za khosi, thupi linkatentha usiku uliwonse. Zonsezo zinatha pasanathe mwezi. Koma kufooka kokha ndi kumene kwakanirira. Ndimagona usiku wonse, kudzuka m'mawa thupi lili lolemera ngati sindinagone n'komwe. Ndikachapa zovala m'mawa, masana onse ndimakhala chogona. Kuntchito ndimawerenga chiganizo chimodzi mobwerezabwereza koma osalowa m'mutu. Kunyumba ayamba kundiyang'ana ndi diso loti ndi ulesi. Miyezi yapitapo ndithu. Kodi zimatha zimenezi? Ndamvanso zoti kachilombo kake sikachoka m'thupi, ndiye kuti ndizikhala chonchi mpaka kalekale?

Golokipa:
Zimatha achemwali, musataye mtima. Ine inandigwira ndili ku koleji. Ndinkangogona m'kalasi, anzanga n'kumandijambula. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono moti sindingaloze tsiku loti apa ndiye ndinachira. Ndinangozindikira kuti ndakwera masitepe osaima panjira.

Wokayika:
Ine ndinena mosapsatira. Matenda a kukhosi angamugoneke munthu miyezi? Mwina zili m'maganizo. Munthu ukazolowera bedi thupi limachita ulesi lokha. Dzukani muzithamanga m'mawa, pakutha sabata mudzatiuza.

Ndatopa_Nazo:
A Wokayika, malangizo amenewo ndi amene anandipweteka ine. Ndibwera ndifotokoze, panopa ndili pa ntchito.

NamwinoWakale:
Mwanawe Kambalame, choyamba pepa. Zimene ukufotokozazi ndi zodziwika bwino, si ulesi ayi.

Mono imayamba ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, mwachidule EBV. Kamafala kwambiri kudzera m'malovu. Anthu oposa 9 mwa 10 aliwonse akuluakulu padziko lonse anakatenga kale, ambiri ali ana aang'ono, ndipo pa msinkhu umenewo kamangodutsa ngati chimfine kapena osaonetsa chilichonse. Amene amadwala mwakayakaya ndi amene akatenga atakula, makamaka azaka za pakati pa 15 ndi 24. Chimene chimakugoneka kwenikweni ndi nkhondo imene chitetezo cha m'thupi chimamenya. Kachilomboka kamalowa m'maselo oyera a magazi otchedwa B, ndiye thupi limapanga maselo ena ambirimbiri oti akawaphe. N'chifukwa chake anabere, ma tonsils (tinyama tiwiri ta kukhosi) ndi kapamba (spleen, wa pansi pa nthiti za kumanzere) zimatupa.

Kutentha thupi ndi zilonda za kukhosi zimatha pa masabata awiri mpaka anayi. Kufooka ndiye kumachedwa. Ambiri amakhala atabwerera mwakale pakatha miyezi iwiri kapena itatu, koma pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 amakhala akadali wofooka pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ku Chicago anatsatira achinyamata 301 amene anadwala mono, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009. Pa miyezi 6, achinyamata 13 pa 100 alionse anali ndi kufooka kosatherapo. Patatha chaka anatsala 7, patatha zaka ziwiri anatsala 4. Ona mmene nambalayo ikutsikira. Ambiri mwa ochedwa kuchira aja amachira ndithu, kungoti nthawi yake ndi yotopetsa.

Zoti kachilomboka sikachoka ndi zoona. Kamabisala m'maselo a B aja moyo wonse. Koma kamabisala chimodzimodzi mwa ine, mwa a Wokayika, ndi mwa abale ako amene akukunena ulesiwo. Kukhala nako m'thupi si kudwala.

Wokayika:
Amayi, ine sindinadwalepo zimenezo, musandipakeko.

NamwinoWakale:
Mukayezetsa magazi mudzadabwa bambo. Ndipo pa nkhani yoti zili m'maganizo, ku Dubbo, m'dziko la Australia, anachita kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2006. Anatsatira anthu odwala mono ndi matenda ena awiri. Anapeza kuti chimene chinkalosera kuti munthu achedwa kuchira ndi mmene matendawo anamukanthira poyamba paja, osati mmene maganizo ake analili. Sindikukana kuti munthu akadwala nthawi yaitali amatha kukhumudwa, ndipo kukhumudwako kumafunika chithandizo pakokha. Koma tisamayambire pamenepo ngati kuti thupilo lilibe vuto.

Tambala_Wakuda:
Pepani ndilowererepo ndi funso langa. Ine mono yandigwira mwezi watha ndipo ndili ndi chibwenzi chimodzi chokha. Iye sanadwale olo pang'ono. Ndiye ndaitenga kuti? Kapena mwina iyeyo akuyenda njira ziwiri? Nkhaniyi yatidanitsa, sitikuyankhulana.

Golokipa:
Achimwene mukufuna kuthetsa chibwenzi chifukwa cha malovu?

Chidule:
Kapepeseni msanga asanakusiyeni ndi anabere anuwo.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
A Tambala, mlandu umenewu sungagamulidwe ndi kachilomboka. Munthu amene anakatenga ali wakhanda amatha kumakatulutsa m'malovu mwa apo ndi apo moyo wake wonse, iye ali bwinobwino. Ndiye bwenzi lanulo likhoza kukhala kuti linakatenga lili ndi zaka zitatu. Komanso si kupsompsonana kokha. Kumwera botolo limodzi, kubwerekana sipuni kapena mswachi, mwana kukupakani dovu pomunyamula, zonsezo ndi njira. Chinanso, kuchokera tsiku lotenga kachilomboka kufika tsiku loyamba kudwala pamadutsa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ndani angakumbukire amene anamwera naye botolo limodzi mwezi ndi theka wapitawo?

Tambala_Wakuda:
Ndamva. Nanga ineyo ndisiya liti kupatsira ena?

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Palibe tsiku lenileni loti apa ndiye mwayera. Miyezi yoyambirira mukachira m'malovu mumakhala kachilombo kochuluka, kawirikawiri mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ena kupitirira chaka. Koma poti ambiri okuzungulirani anakatenga kale, odwala mono satsekeredwa kwaokha. Pamene mukudwala musapsompsone munthu, musabwerekane makapu, basi.

Golokipa:
Koma a Tambala, poti inu yakugwirani posachedwa, mvetserani ichi. Musasewere mpira, musanyamule zolemera, musalimbane ndi munthu. Ine adokotala anandigoneka chagada, n'kulowetsa zala pansi pa nthiti za kumanzere, n'kundiuza kuti ndipume mokoka mpweya. Ndinamva ndekha chinthu chikugunda zala zawo. Anati ameneyo ndi kapamba, watupa, ndipo ukadzigwetsa pansi pogwira mpira akhoza kuphulika. Ndinakhala pa benchi timu yathu ikugonja, mtima ukuwawa.

NamwinoWakale:
Zoona zimenezo. Pafupifupi theka la odwala mono kapamba amatupa, ndipo akatupa chikopa chake chimapyapyala. Kuphulika sikuchitikachitika, sikufika ngakhale munthu mmodzi pa 100, koma kukachitika magazi amatayikira m'mimba ndipo munthu akhoza kufa. Nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata atatu kapena anayi oyambirira, ngakhale kuti zinachitikapo mpaka sabata lachisanu ndi chitatu. Masewera ogundana ayenera kudikira mwezi wathunthu kapena kupitirira, ndipo adokotala ndi amene avomereze. Kugwira ndi zala kokha sikuzindikira kutupa konse. Mukamva kupweteka kwadzidzidzi kumtunda kwa mimba chakumanzere, kupweteka kofika paphewa lakumanzere, chizungulire kapena kuchita mdima m'maso, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala.

Mowanso usiyeni kaye. Odwala mono ambiri chiwindi chimakhudzidwa ngakhale sakumva kanthu, ena ochepa mpaka maso amachita chikasu. Chimachira chokha pa mwezi umodzi kapena iwiri ngati simukuchipatsa ntchito ina.

Tambala_Wakuda:
Apo pa mowapo mwandigwira.

Ndatopa_Nazo:
Ndabwera tsopano. Achemwali a Kambalame, ine ndili m'gulu la ochepa aja amene zinawatengera zaka. Ndikulemba osati kuti ndikuopsezeni, koma kuti muzindikire chizindikiro chimodzi chimene ine palibe anandiuza.

Kufooka kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kwa munthu amene wagona nthawi yaitali, minofu yafooka, ndipo akamayenda pang'ono tsiku lililonse amalimba. Kwina ndi koti ukachita kanthu lero umamva bwino ndithu, mpaka kunyadira kuti ndachira, koma mawa lake kapena mkuja thupi limagweratu. Kukhosi kumayambanso kuwawa, mutu kulemera, miyendo kuphwanya, ndipo umagona masiku angapo chifukwa cha ntchito ya ola limodzi. Changa chinali chachiwirichi. Abwana anga panthawiyo ankaganiza ngati a Wokayika. Ndikapezako bwino ndinkagwira ntchito zonse zotsalira tsiku limodzi kuti ndisaoneke waulesi, kenako n'kugwa, kenako n'kudzukanso kukabweza ngongole ya ntchito. Zinangokhala choncho mpaka dokotala wina anandiuza kuti ndi ME/CFS, matenda a kufooka kosatherapo.

Chimene chinandithandiza ndi kope ndi cholembera. Ndinkalemba chilichonse chimene ndachita ndi mmene ndadzukira mawa lake. Posakhalitsa ndinaona malire anga. Kusamba madzi otentha nditaimirira kunkanditopetsa kuposa kuyenda. Kucheza ndi anthu ambiri nthawi imodzi kunkandigwetsa kuposa kusesa. Ndinayamba kusamba nditakhala pa mpando, kuchapa zovala zochepa n'kupuma, kusiya ntchito mphamvu zikadalipo osati zitatha. Chovuta kwambiri ndi tsiku limene wadzuka bwino, chifukwa mtima umafuna kuchita zonse. Tsiku limenelo ndi limene umayenera kudzigwira. Mphamvu za munthu wotere zili ngati batire ya foni yakale, imaonetsa kuti yadzaza koma ukangoimba kamodzi yazima.

Panopa ndimagwira ntchito, si ngati kale koma ndimagwira.

Kambalame:
Mwandifika pamtima. Zimene mwanena za mawa lakezo ndi zanga ndendende. Loweruka ndinakonza m'nyumba monse ndikumva bwino, Lolemba ndinalephera kudzuka. Ndiye kuti ndili ndi ME/CFS?

Ndatopa_Nazo:
Ayi, musathamangire kudzipatsa dzina. Pa miyezi yoyamba ambiri amakhala ndi zimenezi n'kuchira. Ingosiyani kukonza nyumba yonse tsiku limodzi.

Wokayika:
Ndiye mukuti azingogona? Ine ndikuona kuti tikumulimbikitsa kudwala.

NamwinoWakale:
Palibe wanena kuti azingogona, bambo. Kugona pabedi tsiku lonse kwa masabata sikufulumizitsa kuchira, kumangofooketsa minofu ndi kusokoneza tulo ta usiku. Pamenepo muli ndi mfundo. Ayenera kumadzuka nthawi yofanana m'mawa, kumayenda pang'ono, kumachita zimene thupi likulola. Pamene tikusiyana ndi poti inu mukuti athamange zivute zitani. Ku Britain bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a madokotala, mu 2021 linachotsa njira yoonjezera masewera olimbitsa thupi mwandondomeko yosasintha kwa odwala ME/CFS, chifukwa odwala ambiri ankanena kuti imawabwezera m'mbuyo. Pali madokotala ena amene sanagwirizane ndi kusinthako, mkangano ulipobe. Koma kwa munthu amene akugwa mawa lake, nzeru ndi yoonjezera pang'ono akakhala wakhazikika, n'kubwerera m'mbuyo akaona kuti zamupweteka.

Golokipa:
Ngakhale akatswiri a masewera a tenesi zimawasiyanitsa. Roger Federer anadwala mono kumayambiriro kwa 2008, chaka chomwecho anapambana US Open. Robin Söderling, uja anagonjetsa Nadal ku French Open mu 2009, inamugwira mu 2011 ndipo sanabwererenso m'bwalo mpaka analengeza zopuma mu 2015. Mungati Söderling anali waulesi?

Wokayika:
Chabwino, ndangofunsa. Koma ndikuumirirabe kuti ayezetse zina, asamangoti mono mono.

NamwinoWakale:
Apo ndiye tagwirizana kwathunthu. Kambalame, ubwerere kwa adokotala ukawauze kuti kufooka sikunathe. Akuyeze kuchepa kwa magazi ndi ayironi, makamaka ngati umataya magazi ambiri pa msambo. Aone chithokomiro, shuga, chiwindi ndi impso. Ndaonapo anthu akunamizira mono miyezi yambiri pamene vuto linali magazi ochepa, lomwe mapiritsi akanalithetsa. Uyezetsenso HIV ngati sunayezetse panthawiyo. Sindikukuganizira zoipa, ndimauza aliyense, chifukwa HIV ikangolowa kumene m'thupi imaoneka chimodzimodzi ndi mono: kutentha thupi, zilonda za kukhosi, anabere. Kachilombo ka CMV ndi matenda a toxoplasmosis nazonso zimafanana nayo.

MayiWaMapasa:
Ine funso langa ndi la mwana wanga wamkazi wa ku sekondale. Atayamba kudwala kukhosi anamupatsa amoxicillin. Patapita masiku thupi lonse linatuluka zidzolo zofiira, kuyambira pachifuwa mpaka m'manja, zoyabwa moti ankadzikanda mpaka usiku. Kenako ndi pamene anapeza kuti ndi mono. M'buku lake lakuchipatala analembamo ndi cholembera chofiira kuti asamapatsidwe penicillin. Kodi ndiye kuti moyo wake wonse mankhwala amenewa asamwenso?

NamwinoWakale:
Amayi, zidzolo zimenezo ndi zodziwika kwa odwala mono amene apatsidwa amoxicillin kapena ampicillin. Kawirikawiri sizitanthauza kuti mankhwalawo amamuwenga, ndi chitetezo cha m'thupi chimene chinali chitatekeseka panthawiyo. Ambiri amadzamwanso patsogolo osaona vuto. Koma musayese nokha kunyumba. Kafotokozereni adokotala mmene zinayendera, makamaka ngati panali kutupa milomo, kubanika kapena matuza, chifukwa zimenezo ndi nkhani ina. Iwo ndi amene angaone ngati chizindikiro chofiiracho chifufutidwe. Ndi bwino kuzitsatira, chifukwa kulembedwa molakwika kumamumana munthu mankhwala abwino moyo wonse.

Ndipo mwana kapena wachinyamata wosafika zaka 16 musamupatse aspirin pa matenda otere. Pali vuto lotchedwa Reye limene limawononga chiwindi ndi ubongo. Paracetamol pa mlingo woyenera ndi wokwanira.

Thanzi_Mwachangu:
Abale musavutike. Ndili ndi mankhwala achilengedwe otsuka magazi, amachotsa EBV m'thupi pa masiku 14. Ndilembereni kumbali.

Chidule:
Wafika wa malonda uja. Mwezi watha mankhwala omwewa ankachiza shuga ndi dazi.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Palibe mankhwala amene amachotsa EBV m'thupi. Ngakhale acyclovir, amene amagwira tizilombo ta banja lomweli, anamuyesa pa mono. Amachepetsa kachilombo m'malovu pamene munthu akumwa, koma safupikitsa matendawo. Ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, amaperekedwa pa zovuta zenizeni, monga ma tonsils akatupa mpaka kutseka njira ya mpweya. Katemera akuyesedwabe, palibe amene wavomerezedwa. Ndipo zakumwa zosadziwika pa chiwindi chimene chikuchira kumene ndi kudziputira mavuto.

Kambalame:
Pali chinthu china chimene chikundisowetsa tulo, ndimachita mantha kuchilemba. Ndinaona zoti mono imayambitsa khansa ndi matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Dzulo dzanja linachita dzanzi ndipo ndinalira.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Achemwali, mwachita bwino kulemba. Ubale ulipo, sindikunamizani, koma tiuone kukula kwake.

Kachilomboka kanapezeka koyamba m'khansa. Dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Uganda, anafotokoza mu 1958 za chotupa cha m'nsagwada mwa ana, chimene lero chimadziwika ndi dzina lake. Zidutswa za zotupazo zinkatumizidwa ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaona kachilomboka m'maselo ake. Zoti ndi komweko kamene kamayambitsa mono zinadziwika patapita zaka zingapo ku Philadelphia, mu labotale ya Werner ndi Gertrude Henle, mtsikana wogwira ntchito mmenemo atadwala mono. Magazi ake akale analibe chizindikiro cha kachilomboka, atadwala chinapezeka. Khansa ya Burkitt ija imagwira kwambiri ana a m'madera a malungo ochuluka, chifukwa malungo obwerezabwereza amafooketsa mphamvu ya thupi yoletsa kachilomboka. Si khansa yotsatira mono ya munthu wamkulu.

Imene imakhudzana ndi mono ndi khansa ya anabere yotchedwa Hodgkin lymphoma. Kafukufuku wa ku Denmark ndi Sweden wa mu 2003 anapeza kuti chiopsezo chimakwera, koma atawerengetsa zinafika pa munthu pafupifupi mmodzi mwa 1,000 amene anadwala mono. Enawo 999 ayi. Ndiponso ndi imodzi mwa khansa zimene zimachizika bwino.

Za multiple sclerosis, mu 2022 akatswiri a ku Harvard anatulutsa zotsatira za magazi a asilikali a ku America oposa 10 miliyoni amene anasungidwa kwa zaka 20. Anapeza kuti munthu akatenga EBV chiopsezo cha matendawa chimakwera ka 32 poyerekeza ndi amene sanakatenge. Nambalayo imaopsa, koma kumbukirani kuti pafupifupi aliyense ali nako kachilomboka, pamene odwala multiple sclerosis padziko lonse sakwana 3 miliyoni. Tanthauzo lake ndi loti popanda EBV matendawa sabwera kawirikawiri, osati kuti aliyense wa EBV adwala. Amene anadwala mono chiopsezo chawo chimaposa cha anzawo kawiri kapena katatu, koma chinthu chochepa kwambiri ukachichulukitsa kawiri chimakhalabe chochepa.

NamwinoWakale:
Dzanzi la dzulolo linatenga nthawi yaitali bwanji?

Kambalame:
Mphindi zochepa chabe, ndinali nditagonera dzanjalo.

NamwinoWakale:
Limenelo tonse limatichitikira mwanawe. Zoyenera kupita nazo kuchipatala ndi izi: dzanzi kapena kufooka kwa mkono kapena mwendo kopitirira tsiku lathunthu, diso limodzi kuchita chimbuuzi kapena kupweteka poliyendetsa, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira poyenda. Kumbali ya anabere, a mono amaphwa pang'onopang'ono pa masabata angapo. Mwanabere amene akukulirakulira, wolimba, wosapweteka, makamaka pamwamba pa fupa la m'khosi lopingasa lija, kapena thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, kuonda popanda chifukwa, kutentha thupi kobwererabwerera, zimenezo zikaonedwe msanga. Ngati ulibe zimenezi, siya kudzipapasa m'khosi maola onse, chifukwa kufinyafinya nakonso kumatupitsa.

MayiWaMapasa:
Nanga ingabwerenso kachiwiri? Mwana wanga akangoti kukhosi, mtima wanga umakhala m'malere.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Kwa munthu wa chitetezo chabwino si zachizolowezi. Kachilomboka kamatha kudzuka mwakachetechete, koma thupi limakabweza osamva kanthu. Amene amavutika nako ndi a chitetezo chofooka kwambiri, monga oikidwa impso ya munthu wina kapena a HIV osalandira mankhwala. Chenjerani ndi zotsatira za magazi. Chizindikiro chotchedwa IgG chimakhalapo moyo wonse, ndiye wina akachiona patapita zaka n'kunena kuti mono yabwerera, walakwitsa. Chimangosonyeza kuti munthu anakumanapo nako kale.

Kambalame:
Ndapeza tsiku loonana ndi adokotala Lachinayi. Ndalemba pa pepala: magazi, ayironi, chithokomiro, shuga, chiwindi, HIV. Kope ndagulanso. Chatsala ndi kuntchito, kodi ndiwauze bwanji abwana osaoneka ngati ndikuzemba?

Ndatopa_Nazo:
Musapite chimanjamanja. Pemphani adokotala akulembereni kalata yonena kuti mukuchira ku mono ndipo mukufunika ntchito yopepuka kwa nthawi yakuti. Kwa abwana musakanene kuti ndimatopa, aliyense amatopa ndipo adzakuyankhani choncho. Mukapemphe zinthu zogwirika: kuweruka msanga masiku ena, ntchito yofuna kuganiza kwambiri muziichita m'mawa, yonyamula ndi yoimirira apatsidwe kaye wina, ndipo mugwirizane tsiku loti mudzaunikenso limodzi. Kope lija mulitenge Lachinayi, ngakhale mutalembamo masiku ochepa okha.

Tambala_Wakuda:
Tayankhulana. Akuti ndipepese kaye pamaso pa mchemwali wake, ndipo kapu yanga aziisunga payokha.